Mdzukulu Woonera Pazenera

Kasinje, Ntcheu
13 Epulo 2025

Wokondedwa mwana wanga Anderson,

Ndikupatsa moni, iwe ndi mkazi wako Spiwe. Kuno tili bwino, chimanga chayamba kuuma, mbuzi yakuda ija yaswa ana awiri. Akugwira cholembera ndi amalume ako a Lucius, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti asakometse ngakhale limodzi. Akamaliza aijambula pa foni n'kukutumizira.

Ndamva kuti kwanu ku Debeni kwabadwa mwana wamwamuna. Ndati ndamva, sindinati wandiuza. Ndamvera kuchigayo. Mkazi wa abusa anandionetsa chithunzi pa foni yake, anthu onse pamzere akumva, nati, "A Nankhoma, si mdzukulu wanu uyu?" Ine ndinaseka ngati ndikudziwa kale. Ndinabwerera kunyumba ufa uli pamutu, manyazi ali m'mimba.

Nanga pachithunzipo mwanayo ali m'manja mwa yani? Mwa asewere anga a Lizzie, amake a Spiwe, atavala chipewa chaubweya, mano onse ali panja. Anachoka liti ku Zimbabwe? Anawaitana ndani? Ndikudziwa kuti msewu wochokera ku Kwekwe ndi waufupi kuposa wochokera ku Ntcheu, koma foni ilibe msewu.

Tsono umve. Atate ako a Ngozo anatisiya, ndiye dzina la mwana wako woyamba lichokera pakamwa panga, mwanayo ali m'manja mwanga. Umo ndi mmene timachitira kwathu. Uwauze asewere asamutche kanthu. Ndikonzere ulendo, pasipoti ndili nayo.

Ndine mayi wako,
Nankhoma

Pinetown
15 Epulo 2025

Amayi okondedwa,

Kalata yanu yandipeza pageti ku Hillcrest kumene ndimalondera, ndipo ndaiwerenga kawiri. Pepani kwambiri. Sikuti ndinabisa. Mwana anabadwa pa 28 Malichi kutatsala masabata asanu ndi awiri, wosakwana makilo awiri. Masiku oyamba anali m'kabokosi kagalasi, timapaipi tili m'mphuno. Ndinaopa kukuuzani lero kuti kwabwera munthu, mawa n'kukuuzaninso zina. Chithunzicho anamwaza ndi mng'ono wake wa Spiwe tsiku limene anatuluka m'chipatala. Amake a Spiwe anabwera mu Febuluwale, pamene Spiwe anatupa miyendo n'kusiya ntchito yake ya m'nyumba ku Glenwood.

Dzina likudikira inu. Pakhadi la kukiliniki angolemba kuti mwana wa Spiwe. Tikiti ya basi ndikonza mwezi ukatha.

Koma pali chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha mundimve bwino. Kuno chisanu chikuyamba, ndipo chimabwera ndi chimfine chachikulu chija amati fuluwenza. Anesi anatiuza kuti mapapo a mwanayu ndi osakhwima, chimfine chimenechi chikhoza kumubwezera m'kabokosi muja kapena kuposa apo. Iye sangabayidwe katemera mpaka atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Spiwe anabayidwa ali woyembekezera kuti chitetezo chidutse kupita kwa mwana, koma mwanayo anatuluka patangopita masiku anayi, chisanapangike. Ndiye anati mpanda wake ndi ife omuzungulira. Aliyense womunyamula ayambe wabayidwa, kenako adikire masabata awiri kuti thupi lipange chitetezo. Ine ndinabayidwa, amake a Spiwe anabayidwa mu Malichi. Inunso, amayi, zitero.

Mwana wanu,
Anderson

Kasinje
22 Epulo 2025

Anderson,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli bwino. Amalume ako andiwerengera kalata yako katatu, poti ndimayesa maso awo alakwitsa.

Ndiye kuti ine ndine matenda? Boma lisanatiletse uzamba, manja awa analandira ana oposa makumi asanu muno m'Kasinje. Ena lero ndi aphunzitsi, wina ndi wapolisi ku Balaka. Iweyo ndinakubereka ndekha m'khitchini mvula ikugwa. Palibe amene anandifunsa za jakisoni.

Kwathu khanda timaliteteza kwa anthu otentha, amene akugona ndi amuna awo kapena akazi awo. Ine atate ako anapita zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. M'mudzi muno mulibe munthu wozizira kuposa ine, ndipo atsikana akabereka amandiitana kuti ndiyambe ndine kugwira. Asewere anga bambo awo ali moyo, akudya bwino ku Kwekwe. Koma iwo ndiwo mpanda, ine ndine mbuzi yoti isalowe m'dimba.

Chimfine ndimachidziwa. Masamba a bulugama m'madzi otentha, bulangete kumutu, mawa kumunda. Komabe ndinadzichepetsa. Lachisanu ndinayenda wapansi kupita kuchipatala chathu chaching'ono n'kupinda dzanja la bulauzi. Mlangizi wa zaumoyo anandiuza kuti katemera wa ana alipo, koma wa chimfine wa nkhalamba sasunga, mwina kuzipatala zolipira ku Blantyre. Apo m'pamene ndinazindikira. Mwakhala pansi ndi apongozi ako n'kusankha chinthu chimene kuno kulibe, kuti Nankhoma akhale ku Ntcheu azionera mdzukulu wake pa foni ya mkazi wa abusa. Nzeru imeneyi si yako. Iwe sunakhalepo wochenjera chotero.

Nankhoma

Pinetown
24 Epulo 2025

Amayi,

Ndine Spiwe, mpongozi wanu. Ndagwada. Mukhululuke Chichewa changa, ndi cha kukomboni ya mgodi, chimasakanikirana ndi Chishona. Anderson wapita kuntchito osadya chifukwa cha kalata yanu, ndiye ndati ndilembe ndine.

Eish, amayi, palibe amene wakutcherani msampha. Anderson anaiwala kunena kuti katemerayo mudzabayidwa kuno. Ali kufamase, sitolo ya mankhwala, pano pa Pinetown, munthu umalowa n'kutuluka tiyi asanazizire. Mukafika Loweruka, Lolemba mubayidwa, kenako masiku khumi ndi anayi basi. M'basi mukhala masiku atatu ndi anthu otsokomola, ndiye kudikirako kuthandizanso pamenepo.

Pogona takupezerani. Pabwalo pathu pomwe pano pali mayi wina wa ku Mangochi, a Farhana, amene amagulitsa nsalu m'tauni. Ali ndi bedi lachiwiri ndipo avomera ndi mtima wonse. Chitseko chawo chimayang'anana ndi zenera lathu, muzimuona mwana tsiku lililonse.

Za dzina musadandaule. Amayi anga amangomuti Simba akamamuimbira, chifukwa akulimba, poti m'Chishona simba ndi mphamvu, koma si dzina ayi, ndi kungomusangalatsa.

Bwerani, amayi. Ali ndi mphumi yanu.

Spiwe

Pinetown
9 Meyi 2025

Achimwene a Lucius,

Moni kwa inu ndi alamu. Mbuzi zanga zili bwanji? Musalole ana azikwera mpapaya wanga. Akundilembera ndi a Farhana amene ndikugona kwawo, munthu waulemu, ngakhale tiyi wawo amachulutsa zonunkhira.

Ndinafika Loweruka miyendo itatupa ngati maungu. Lolemba Anderson anali kuntchito, ndiye wondiperekeza kukabayidwa anali yani? Asewere. M'minibasi, imene kuno amati takisi, ndinangoti, "Koma nyumba zake kutalika!" Iwo n'kunditsina pantchafu, nanong'oneza, "Asewere, muno chathu sitiyankhula, anthu ena sakondwa nafe." Ine wa zaka makumi asanu ndi awiri kutsinidwa ngati mwana m'tchalitchi! Kufamaseko nesi ankafunsa m'Chizulu, iwo n'kumayankha "yebo, yebo" m'malo mwanga, ine nditangopereka mkono ngati mwana wa kusikelo. Jakisoni wake ndi kaminga chabe. Mkono unalemera masiku awiri, basi. Chinthu chochepa chotero n'kumalekanitsa munthu ndi magazi ake.

Kuchokera pakhomo la a Farhana kufika pazenera la Anderson ndi mapazi khumi ndi awiri. Ndawerenga. Pakati pali mpopi ndi chingwe choyanikapo matewera. Dzuwa likafika pazeneralo m'mawa, amabwera naye mwana kuti ndimuone. Achimwene, ndi kamunthu kochepa ngati botolo la mafuta ophikira, koma mphumi ndi yanga, Spiwe sananame.

Tsono amene amabwera naye ndi asewere. Kuchipatala anawauza kuti mwana wobadwa masiku asanakwane azikhala pachifuwa cha munthu, khungu kukhudza khungu, kuti azimva kutentha. Spiwe akatopa, amamumangirira pachifuwa cha amake. Mdzukulu wa a Ngozo akumva kugunda kwa mtima wa ku Kwekwe usana wonse! Amaima pagalasipo, n'kutenga kadzanja kake kumandibayibitsa nako, n'kumati, "Simba, ona gogo wa ku Malawi!" Mwamva? Iwo ndi gogo basi. Ine ndine gogo wa ku Malawi, ngati thumba la mpunga lobwera pa basi.

Ndimamwetulira, chifukwa Spiwe amakhala akuyang'ana. Ndikalowa m'nyumba ndimathyola kachitsotso kamodzi ka machesi n'kuika m'mbale. Tilipo tinayi. Lolemba pa 19 tikwana.

Mlongo wanu,
Nankhoma

Ine Farhana ndalemba zonse monga anenera, kupatula mawu awiri okhudza asewere awo amene sindingalembe Lachisanu.

Kasinje
11 Meyi 2025

Alongo,

Mbuzi zili bwino, mpapaya ndikuulondera ndekha. Kalata yanu taseka nayo ndi alamu anu mpaka misozi. Nsanje yanuyo ndinaidziwa tili ana, pamene munakwirira sileti yanga m'khola chifukwa atate ananditumiza ine kusukulu inu n'kukusiyani. Munali ndi chifukwa nthawi ija, sindikana. Koma mayi ameneyo wasiya nyumba yake miyezi itatu kuti mdzukulu wanu akhale moyo. Thyolani machesi anuwo mwakachetechete.

Lucius

Pinetown
16 Meyi, m'mamawa

Amayi,

Ndalowetsa kalatayi pansi pa chitseko chifukwa ndikuthamangira takisi yoyamba, a Farhana akuwerengerani. Amake a Spiwe adzuka thupi likutentha, akutsokomola. Sangakhalenso m'nyumba ndi mwana. Malo ena palibe koma bedi limene mukugonapo inu.

Ndayankhula ndi a Thomas, mkulu wa mpingo wathu ku Clermont. Mkazi wawo abwera masana kudzakutengani, mukakhale kwawo mpaka Lolemba. Mukakhala chipinda chimodzi ndi wodwala, anesi adzati mudikirenso mpaka achire, kenako masiku ena pamwamba. Kwatsala masiku atatu okha, amayi, musawataye. A Farhana amakhala kumsika tsiku lonse, koma Spiwe aziika chakudya pakhomo.

Anderson

16 Meyi, dzuwa litakwera

Anderson,

A Farhana achedwa kumsika chifukwa cha ine, ndiye ndifupikitsa. Mpanda uja wagwa? Si iwo anabayidwa mu Malichi, anthu a "yebo, yebo"? A Farhana akuti katemera saletsa chimfine chilichonse, akuti zilipo za mitundumitundu, ndipo wobayidwa chikamugwira nthawi zambiri sichimugwetsa kwambiri. Kaya. Ine ndikungoona kuti wa ku Ntcheu ali chilili, wa ku Kwekwe ali gone.

Chikwama ndamanga kale. Kwa a Thomas ndipita. Lolemba ndi langa, ndipo uwauze apongozi ako kuti zenera lilipo, nawonso aphunzire kuonera pagalasi.

Mayi wako

Pinetown
24 Meyi 2025

Achimwene,

Moni. Mwina Anderson wakuuzani kale, koma mumve kwa ine. Kwa a Thomas sindinapite, ndipo mdzukulu wanga sindinamunyamulebe.

Lachisanu lija ndinakhala panja pa mpando, chikwama pamiyendo, kudikira mkazi wa a Thomas. Asewere anali atalowa kale m'chipinda, a Farhana atapita. Spiwe anaika phala pakhomo n'kubwerera msanga kwa mwana. Phala lija linakhala pamenepo mpaka ntchentche zinalipeza. Kenako ndinamva chinthu chikugwa. Ndinasuzumira pachitseko. Mayi uja anafuna kutunga madzi akumwa mu ndowa, ndowa n'kugubuduka, iye ali chogwada m'madzimo, akuyesa kupukuta ndi chipewa chake chaubweya chija kuti a Farhana asadzapeze ponyowa.

Atandiona anakweza dzanja. "Musalowe, asewere! Lolemba lanu!"

Ndinati, "Lolemba ndi langa, ndichita nalo zimene ndikufuna. Dzukani apo, mukunyowetsa chitenje."

Mkazi wa a Thomas atafika anandipeza ndikukolopa. Anabwerera yekha.

A Farhana, lembani bwino apa: sindinachite chifukwa chowakonda. Ndinachita kuti asadzanene ku Kwekwe kuti mzamba wa ku Kasinje anakhala pampando ndi chikwama munthu akugwa m'madzi.

Masiku atatu thupi linatentha. Anderson anabweretsa mapilitsi ndi tinsalu totseka pakamwa, ine ndinapeza bulugama kuseri kwa sitolo, tonse tinagwira ntchito. Nesi wa kukiliniki anauza Anderson kuti pa msinkhu wawo, opanda katemera uja, mwina bwenzi tikunena za chipatala.

Lolemba lija Spiwe anabwera yekha pazenera ndi mwana. Ife awiri tinaima pakhomo la a Farhana, iwo atatsamira paphewa langa, ngati nkhuku zonyowa ndi mvula. Titalowa asewere anayamba kulira. Ndinati, "Mukulira chiyani inu amene mwamunyamula miyezi iwiri?"

Anati, "Asewere, inu mumandiona ngati wamwayi? Atate anga anachoka ku Nyasalande wapansi, anafera pamgodi osatiuza dzina la mudzi wawo. Ankangoti ku Dedza, kuseri kwa phiri. Ku Zimbabwe amatitcha anthu opanda kumudzi. Mwana uyu akadzakula n'kufunsa kwawo, adzamutengera ku Kasinje. Adzaona munda wanu, manda a agogo ake, anthu a mphumi ngati yake. Ine ndidzamuonetsa chiyani? Nyumba ya kampani imene anatitulutsamo? Dzina mupereka ndinu, mudzi ndi wanu. Changa ndi chifuwa chokhachi, ndipo taonani, nachonso chandiukira."

Ndinawauza kuti amwe phala lisanazizire.

Ndaganiza za mawu awo, achimwene, ndipo ndi oona. Koma miyezi iwiri ndi yambiri. Ine ndilibe ngakhale ola limodzi.

Tsopano achira, akudya ngati dzombe. Ine sindinatsokomole ngakhale kamodzi. Anderson akuti ndi jakisoni, ine ndikuti ndi magazi a kwa Nkhoma, a Farhana akuti ndi Mulungu ndipo tisiye phokoso. Nesi wati tidikire mpaka Loweruka likudzali.

Nankhoma

Pinetown
1 Juni 2025

Achimwene a Lucius,

Moni nonse. Kalata iyi mukaiwerenge pabwalo, ndipo mkazi wa abusa akhalepo.

Dzulo m'mawa ndinavala chitenje changa chatsopano cha maluwa achikasu. Anderson anandisambitsa m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono ngati ndikupita kukachita opaleshoni. Ndinayenda mapazi aja, ndinalowa. Asewere analowa pambuyo panga n'kukhala pakona, manja atawapinda pamiyendo. Palibe amene anawauza kutero.

Spiwe anagwada n'kundipatsa mwana. Ndi wopepuka, koma akugwira chala ngati munthu wofuna kukhala. Anatsegula diso limodzi n'kundiyang'ana ngati akufunsa kuti ndinali kuti masiku onsewa.

Ndinati, "Iwe ndiwe Lindani, mwana wa kwa Ngozo." Anderson anawomba m'manja, Spiwe analira, a Farhana analuluta pakhomo mpaka anthu a nyumba zina anatuluka. A Farhana akuti dzinali ngakhale Azulu ali nalo, ndiye akadzayamba sukulu kuno palibe adzamutembenukire. Asewere analitchula kawiri pang'onopang'ono, nati ndi labwino. Ndawalola kuti Simba wawoyo azimutchula poimba pokha.

Kenako ndinati ndimuone yense, poti mzamba salandira mwana womangidwa ngati katundu. Anderson anayamba, "Amayi, kukuzizira," ine ndinamuyang'ana, iye n'kubwerera m'mbuyo. Ndinamasula thewera lija la pepala. Mchombo wapola bwino, miyendo ndi yowongoka, zonse zilipo. Ndili pakati poyamika, mnyamata anatukula madzi ake, mzere wowongoka, kuyambira pabulauzi mpaka pa maluwa achikasu. Nyumba yonse inafa ndi kuseka. Asewere anati, "Wakulandirani, asewere, wakudziwani!"

Ine sindinaseke msanga. Ndinadikira mpaka asewere atatuluka kukatenga madzi, ndipo ndinamukodola Spiwe n'kumufunsa chapansipansi kuti andiuze zoona pamaso pa Mulungu: mwanayu anawakodzera liti koyamba asewere anga? Anaganiza, nati linali tsiku lachitatu atatuluka m'chipatala.

Tsiku lachitatu, achimwene. Ine tsiku loyamba, ola loyamba. A Farhana, pamenepo mulembe ndi zilembo zikuluzikulu.

Mlongo wanu,
Nankhoma, agogo ake a Lindani